Kuchotsa dzimbiri pa magazini 6 a mfuti za malemu bambo: momwe ntchito ikuyendera

Loweruka, 8 Malichi 2025

Lero m'mawa ndatsegula thiranki ya malemu bambo kwa nthawi yoyamba kuchokera mwezi wa Okutobala, ndipo zomwe ndapezamo zandipweteka mtima. Mfuti ziwiri zomwe anandisiyira, ya .22 ya Brno yopangidwa ku Czechoslovakia ndi ya .303 ya Lee-Enfield, zili bwinobwino chifukwa zimakhala m'kabati ya chitsulo yokhoma ndipo ndimazipukuta mwezi uliwonse, koma magazini ake 6 (timabokosi ta chitsulo tolowamo zipolopolo), omwe ndinawasunga padera m'thirankimo, onse achita dzimbiri. Mfutizi zili ndi chiphaso cha ku polisi m'dzina langa, chomwe ndimakonzetsa chaka ndi chaka, ndipo bambo ankatetezera nazo mbewu kumunda kwathu ku Mitundu. Kulekanitsa mfuti, magazini ndi zipolopolo ndinkakuona kuti n'koyenera pakhomo pomwe pali ana, ndipo mpaka lero ndikuona choncho, koma sindinaganizire za malo omwe ndinakhazikapo thirankiyo, omwe ndi pasimenti penipeni, moyedzamira khoma la kunja lomwe lakhala likumenyedwa ndi mvula kuyambira Novembala.

Ndamangirira kapepala ka nambala pa magazini iliyonse kuti ndisadzasokoneze ziwalo zake. Anayi a Brno ndawatcha B1 mpaka B4, ndipo awiri a Lee-Enfield ndawatcha E1 ndi E2. B1 ndi B3 ali ndi timadontho tofiira chabe, ngati kuti munthu wawazapo ufa wa njerwa, koma pa B3 chidindo cha chala changa chikuoneka bwino lomwe, mizere yake yonse itajambulidwa ndi dzimbiri, zomwe zikusonyeza kuti mchere wa m'thukuta langa ndiwo unayambitsa vuto pamenepo. B2 yadyeka mkati kuposa kunja. B4, yolowa zipolopolo 10, ndiyo yaonongeka kwambiri, chifukwa inali m'kachikwama ka chikopa komwe bambo ankamangirira pa lamba, ndipo poitulutsa chikopacho chinakanirira ku chitsulo mpaka kusiya tiulusi take pa nkhanambo za dzimbiri. E1 ndi E2 anali m'thumba la kanivasi, ndipo penti yawo yakuda yatupa timatuza m'makona ndi m'munsi.

Lero sindinakhule kalikonse. Ndangotsimikiza kuti onse mulibe chipolopolo, ndawajambula ndi foni mbali zonse kuti ndidzathe kufananitsa, kenako ndawayala pa nyuzipepala pa shelefu ya pamwamba m'chipinda chokhoma.

Lamulungu, 9 Malichi

Titaweruka ku tchalitchi ndinapita ku Kawale kukatenga amalume, omwe anakhala zaka zambiri pa ntchito ya usilikali ndipo zina mwa zakazo ankayang'anira nyumba yosungiramo zida. Atalandira B4 anaitembenuza kangapo, anaikanda ndi chikhadabo, kenako anati: "Mphwanga, chikopa si malo ogoneka chitsulo. Chimamwa chinyezi cha mumpweya n'kuchisunga, komanso mankhwala ofufutira chikopa amadya chitsulo. Koma usathamangire sandipepa, chifukwa chomwe wapala pa chitsulo sichimeranso."

Anandionetsa kaphwasulidwe kake. Pa magazini a Brno chivindikiro cha pansi chimachita kusololedwa, ndipo pomwe chikuchoka sipuling'i imafuna kudumpha, choncho ndinavala magalasi n'kutsekapo ndi chala chachikulu. Pa Lee-Enfield zinthu zimatulukira pamwamba, ndipo sipuling'i yake, yomwe ndi kalamba ka chitsulo kopindidwa mokhotakhota, imabwera pamodzi ndi kachitsulo kokhalapo zipolopolo, komwe amalume amakatchula kuti pulatifomu monga ankanenera ku usilikali.

Mkati mwa B2 munali phala lakuda lomata. Zipolopolo za .22 zimapakidwa phula kunja kwake, ndipo phulalo limatsalira m'magazini pang'onopang'ono, limagwira fumbi ndi mwaye wa wonga, mpaka kusanduka matope osunga chinyezi pa chitsulo. Sipuling'i ya B2 inathyokera m'manja mwa amalume atangoitambasula pang'ono, ndipo titayang'ana pothyokapo tinaona kuti dzimbiri linali litaboola wayayo pafupifupi theka. Masipuling'i ena asanu ali ndi dzimbiri la pamwamba lokha.

Ziwalo zonse tazinyika m'palafini, magazini iliyonse m'chitini chake, ndipo zitinizo zagona m'kasitolo ka kuseri, kutali ndi mbaula. Palafini sasungunula dzimbiri, koma amafewetsa phala lija ndiponso amalowerera pansi pa nkhanambo kuti zisavute kuchoka.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndataya masana onse a dzulo m'mashopu a zitsulo a ku Old Town, cha mumsewu wa Malangalanga, kufunafuna steel wool yosalala ya nambala 0000. Pafupifupi paliponse ankanditulutsira yokwechera mapoto, yomwe ulusi wake ndi wokhakhala moti ingathe kusiya mizere pa chitsulo kungodutsapo kamodzi. Ndinakaipeza m'shopu ina yogulitsa vanishi ndi zipangizo za akalipentala, chifukwa iwo ndiwo amaigwiritsa ntchito posalalitsa mipando. Ndikulemba zimenezi kuti wina asadzavutike monga ndavutikira ine: afunse kwa ogulitsa za matabwa, osati kwa ogulitsa ziwiya za kukhitchini.

Chida china andipangira amalume. Anatenga chigoba chakale cha chipolopolo cha .303 chomwe chinaombedwa kalekale, anaphwanyitsa kukamwa kwake ndi hamala mpaka kukhala ngati kampeni kobuntha, ndipo ndi chimenechi ndikupalira nkhanambo. Mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo, choncho umakankha dzimbiri popanda kukanda chomwe chili pansi pake. Umasiya mzere wachikasu womwe poyamba unandiopsa, koma unachoka ndi kansalu ka mafuta.

Chomwe tikuteteza ndi khungu lakuda lonyezimira lomwe magazini a Brno anabwera nalo kuchokera kufakitale, lomwe amisiri a mfuti amalitcha bluing. Khungu limeneli si penti. Ndi chitsulo chomwecho chomwe chinasakanizika ndi okosijeni mwadala n'kukhala mtundu wa dzimbiri lakuda, lotchedwa magnetite, lomwe limamatirira zolimba ndipo limagwira mafuta. Kupyapyala kwake n'koposa kwa tsitsi la munthu maulendo ambirimbiri, n'chifukwa chake sandipepa imalimaliza m'kanthawi kochepa. Dzimbiri lofiira ndi losiyana nalo chifukwa limatupa kuposa chitsulo chomwe lachokerako, limakhala ndi timipata tosunga madzi, ndipo likasweka limatsegulira mpweya njira yofikira chitsulo chatsopano pansi pake, motero silileka kudya lokha.

Madzulo ano ndamaliza B1 ndi B3. Ndimadontheza mafuta a makina osokera, ndimadikira mphindi zingapo, kenako ndimapukuta ndi steel wool mosakanikiza, ndipo ndimasintha kachidutswa pafupipafupi chifukwa tizidutswa ta dzimbiri tokodwamo timakanda kuposa steel wool yeniyeniyo. Kansalu koyera ndiko kamandiuza poti ndilekere: kakasiya kutuluka ndi mtundu wa dothi la katondo, ndiye kuti pamenepo patha. Milomo ya pamwamba, yomwe imagwira chipolopolo ndi kuchilozetsa kolowera, sindinaikhudze ndi china chilichonse kupatula mswachi ndi nsalu, chifukwa ikapindika kapena kuperepeseka pang'ono chabe, magazini yonse imasiya kugwira ntchito ngakhale ikuwala chotani. B1 yabwerera mwakale. Pa B3 chidindo cha chala chija chatsala ngati chithunzithunzi chotuwa, ndipo ndachisiya momwemo.

Loweruka, 15 Malichi

Lero ndalakwitsa, ndipo ndilemba momwe zakhalira chifukwa cholakwa ichi n'chosavuta kuchibwereza. Nkhanambo za pa B4 zinakana chigoba cha mkuwa kwa masiku awiri, mtima unandithamanga, ndipo ndinakumbukira kuti anthu amachotsa dzimbiri pa mipeni ndi viniga. Ndinathira viniga woyera wa m'botolo, yemwe asidi wake amakhala pafupifupi magawo 5 pa 100, n'kunyikamo thupi la magaziniyo kwa maola anayi. Dzimbiri linachokadi, koma linachoka pamodzi ndi khungu lakuda lonse, ngakhale mbali zomwe zinalibe banga, popeza asidi sasiyanitsa dzimbiri lofiira ndi lakuda. Chomwe ndinavuula chinali chitsulo chotuwa ngati lata, timaenje tonse ta dzimbiri tili poyera, ndipo nditachitsukuluza ndi madzi sipanathe mphindi khumi chisanayambe kuoneka chachikasu ndikuyang'ana. Ndinachiviika m'madzi a soda kuti asidi wotsalira athe mphamvu, ndinachiumitsa pafupi ndi mbaula, n'kuchipaka mafuta ambiri. Magazini imeneyi bambo anaisunga zaka zoposa makumi atatu ili yakuda, ndipo ine ndaiyeretsa masana amodzi. Zandikhudza kwambiri.

Mwayi wake ndi woti sipuling'i sindinaiikemo. Asidi akamadya chitsulo pamatuluka mpweya wa haidrojeni, womwe umalowerera m'chitsulo cholimbitsidwa ngati cha sipuling'i n'kuchichititsa kuti chizithyoka mosapereka chizindikiro. Pa chifukwa chomwechi ndakana njira yomwe makanika wina wa ku Biwi anandiuza, yogwiritsa ntchito tchaja ya batire ya galimoto ndi madzi a soda wochapira. Njirayo ndi yabwino pa makasu, masipanala ndi zitsulo zina zochindikala, koma nayo imasupula khungu lakuda ndi penti, komanso imatulutsa haidrojeni yemweyo. Masipuling'i onse ndawatsuka ndi palafini, mswachi ndi nsalu basi.

Lamulungu, 16 Malichi

Amalume ataona B4 sanandikalipire. Anakhala chete kanthawi, kenako anati: "Ukanandifunsa, mphwanga, tikanaiphika." Ndinaganiza kuti sindinamve bwino, chifukwa m'maganizo mwanga madzi ndiwo anabweretsa vuto lonseli. Iwo anafotokoza kuti ali mnyamata ku usilikali anapezako madoda omwe anali m'gulu la King's African Rifles, ena mwa iwo atamenyako nkhondo ku Burma, ndipo madodawo ankanena kuti akaomba .303 ankathira madzi owira mumpope wa mfuti asanapake mafuta. Zipolopolo zakale za usilikali zinkasiya mchere mumpopemo, ndipo mchere susungunuka m'mafuta koma m'madzi, moti wopaka mafuta okha amangofunditsa mcherewo n'kuusiya ukukoka chinyezi pansi pake. Izi zinandithandiza kumvetsanso za chidindo cha chala cha pa B3, chifukwa magaziniyo ndinaipukuta ndi mafuta ndisanaisunge, koma thukuta linali litatsala kale pa chitsulo.

Madzi owira amachitanso chinthu china chachikulu, chomwe ndachiona ndi maso anga lero: amasandutsa dzimbiri lofiira kukhala lakuda. Tinayesa pa thupi la B2. Poyamba tinachotsa mafuta onse ndi madzi otentha a sopo wotsukira mbale, kenako ndi sipiriti, chifukwa pomwe patsala mafuta madzi safikapo. Tinagwiritsa ntchito madzi oyera owonjezera m'batire (osati asidi wake) ogulidwa pa malo omwetsera mafuta galimoto, omwe alibe mchere uliwonse, popeza a pampopi kapena a pamjigo amatha kusiya mawanga. Amalume akuti a mvula otungidwa m'beseni loyera pabwalo, osati odutsa pa malata, amagwiranso ntchito. Ndinapempha mayi a kunyumba poto wakale yemwe sadzabwereranso kukhitchini, tinapachika magaziniyo ndi waya kuti isakhudze pansi pa poto, ndipo inawira mphindi 20.

Poivuula inauma yokha nthawi yomweyo chifukwa cha kutentha kwa chitsulo, ndipo paliponse pomwe panali pofiira panali pataphimbidwa ndi ufa wakuda wofewa ngati mwaye wa nyali ya koloboyi. Ufawo tinaupukuta ndi steel wool yomwe tinayamba taitsuka m'sipiriti, popeza imagulitsidwa ili ndi timafuta, ndipo pansi pake panatuluka chitsulo chakuda chofanana kwambiri ndi khungu la kufakitale loyandikana nalo. Pomwe nkhanambo inali yochindikala panafunika kuwiritsa kawiri. Mkati ndinalowetsamo kansalu kokulunga pa kamtengo ka nsungwi, kenako ndinapoperamo WD-40, yemwe ntchito yake yeniyeni ndi kuthamangitsa madzi obisala m'ngodya ndi m'mipiringidzo, ndipo pambuyo pake ndinapukuta.

E1 ndi E2 tawachita mosiyanako. Magazini amenewa ali ndi penti yakuda pamwamba pa chitsulo chotuwa chokhakhala pang'ono, chomwe chinakonzedwa ndi mankhwala a phosphate kuti chizigwira penti ndi mafuta. Tinaboola timatuza tokha ndi chigoba cha mkuwa, penti yomwe inali yolimba tinaisiya, kenako tinawiritsa. Sindipakanso penti yatsopano. Mabala ake akuoneka, koma ndi akuda ndi ouma, ndipo ndikufuna kuti akhale poyera pomwe ndingathe kuwayang'anira, kusiyana n'kuwakwirira pansi pa penti pomwe dzimbiri lingayambirenso ine osadziwa.

Loweruka, 22 Malichi mpaka Lamulungu, 30 Malichi

Sabata yonseyi yathera pa B4. Popeza khungu lake linatha, ndasankha kulimeretsanso mwa njira yakale ya amisiri a mfuti, yomwe ndi kuchititsa chitsulo dzimbiri mwadala, mopyapyala ndi mofanana paliponse, kenako kuwiritsa, kupukuta, n'kubwerezanso kangapo. Apa pokha ndi pomwe sandipepa yaloledwa, chifukwa panalibenso choteteza. Ndinayamba ndi ya nambala 400 n'kumalizira ya 600, nditaikulunga pa kathabwa kosalala kuti isakumbe, ndipo milomo sindinaiyandikire. Timaenje sindinalimbane nato, chifukwa kuti tithe pangafunike kupala khoma lonse la magazini mpaka kufika pansi pa kadzenje kozama kwambiri, ndipo khomalo ndi lopyapyala kale.

Nditachotsa mafuta onse ndinavala magolovesi, ndipo kuchokera pamenepo chitsulocho sichinakhudzidwenso ndi dzanja. Mankhwala ochititsa dzimbiri ndinasakaniza ndekha: hydrogen peroxide wa ku famase, viniga pang'ono ndi kamchere. Ndimanyowetsa thonje, ndimalifinya mpaka litatsala pang'ono kuuma, ndimadutsitsa kamodzi kokha mbali iliyonse, kenako ndimapachika magaziniyo m'bafa. Chinyezi cha mwezi uno, chomwe chinandiwonongera zinthu m'thiranki, pa ntchito iyi chandithandiza, chifukwa pakangotha maola ochepa chitsulo chimakhala chitavala ufa wofiira wosalala ngati fumbi la mumsewu. Chofunika ndi kusachedwa kuwiritsa, popeza ufawo ukasiyidwa usiku wonse umayamba kukumba timaenje tatsopano.

Ulendo woyamba unapereka mtundu wotuwa wa phulusa, ndipo ndinakayika ngati zitheke. Wachiwiri unaderako. Pa wachitatu panatuluka banga loyera kukula ngati njere ya nyemba pafupi ndi m'munsi, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti golovesi yanga inakhudza botolo la mafuta lomwe linali pa tebulo pomwepo. Ndinatsukanso ndi sipiriti, ndinachotsa botololo m'chipindamo, ndipo bangalo linatsekeka pofika ulendo wachisanu. Ndinalekera pa ulendo wa 7, nditaona kuti mankhwala sakugwiranso kwenikweni, chomwe ndi chizindikiro choti chitsulo chaphimbika. Pomaliza ndinaiwiritsanso m'madzi atsopano kuti mchere wa mankhwala aja uchoke, n'kuimiza m'mafuta tsiku lathunthu.

Zotsatira zake zandisangalatsa. B4 tsopano ndi yakuda bii, mosanyezimira ngati anzake, ndipo timaenje tikuoneka munthu akaipendeketsa pa dzuwa. Amalume anailowetsa m'mfuti yopanda chipolopolo, inakhala bwino, inatulukanso bwino, ndipo anangoti, "Yachira."

Loweruka, 5 Epulo

Kuchotsa dzimbiri kwatha, kwatsala kuliletsa kubwerera, ndipo pa nkhani ya chopaka aliyense yemwe ndamufunsa ali ndi yankho lake. M'malo motsutsana nawo ndapempha tizidutswa 6 ta chitsulo chimodzimodzi kwa owotcherera a ku Mchesi, ndatipala mpaka kuyera, ndipo ndatipaka zosiyanasiyana: koyamba sindinakapake kanthu, kachiwiri mafuta ophikira, kachitatu mafuta opyapyala opopera, kachinayi mafuta a makina osokera, kachisanu oyilo watsopano wa injini, ndipo komaliza phula lopanda mtundu lopolishira, lomwe ndinalisiya kuti liume n'kulipukuta. Tonse ndatiwaza madzi a mchere ndipo ndatipachika pakhonde pomwe mvula simafika koma mpweya wa usiku umadutsa.

Loweruka, 19 Epulo

Kosapaka kanthu kanafiira tsiku lotsatira. Ka mafuta ophikira sikanafiire msanga, koma mafutawo asanduka ulimbo wonunkha womwe wagwira tizilombo ndi fumbi, ndipo chinthu chotere sichingayandikire magazini. Ka mafuta opyapyala kanayamba madontho pa tsiku lachisanu, mafutawo atauluka. Ka makina osokera kali ndi madontho ochepa m'mphepete, ndipo ka oyilo wa injini ndi ka phula tili toyera mpaka lero, kusiyana kwake n'koti ka oyilo kadetsedwa ndi fumbi pomwe ka phula n'kouma ndipo chala sichisiyapo chidindo. Kuyesa kwa pakhonde ngati uku sikungafanane ndi kwa akatswiri, koma kwandikwanira kusankha. Kunja kwa magazini onse ndapaka phula kawiri. Mkati ndi pa masipuling'i ndadutsitsa kansalu ka mafuta pang'ono n'kutsatiza kouma, moti chala chikalowamo chimatuluka chosanyowa. Amalume anatsindika mfundo imeneyi, chifukwa mafuta ochuluka m'magazini amatha kulowerera m'zipolopolo, makamaka za .22 zomwe mutu wake sumangika zolimba pa chigoba, n'kupha wonga.

Loweruka, 26 Epulo

Ndagula hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi cha mumpweya, ndipo ndinayamba ndi kukaika m'thiranki muja usiku umodzi ili pamalo pake pakale. M'mawa kanawerenga 76 pa 100, ngakhale mvula yayamba kale kutha. Chitsulo chimayamba kudyeka msanga chinyezi chikapitirira pafupifupi 60, makamaka ngati pali mchere kapena fumbi, choncho magazini aja anakhala miyezi isanu m'malo omwe dzimbiri silikanalephera kubwera. Nditanyamula thirankiyo ndinapeza kuti pansi pake pa simenti pali chinyontho chooneka, ndipo kunsi kwa thiranki komweko kwachita dzimbiri.

Tsopano magazini akukhala m'kontena ya pulasitiki yosungira chakudya, ya chivindikiro cha mphira chotseka mpweya, ndipo kontenayo ili m'kabokosi kokhoma pa shelefu ya khoma la mkati, kutali ndi pansi. Mulibe chikopa, kanivasi, siponji kapena nyuzipepala, chifukwa zonsezi zimasunga madzi. Ndaikamo silica gel, timikanda tomwe timabwera m'timapaketi m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala. Timapaketi takale timakhala titakhuta kale chinyezi, choncho ndinatsanulira timikandato m'mbale ya chitsulo n'kutiumitsa mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 kwa maola awiri, ndipo titazizira m'botolo lotseka ndinatisokera m'kathumba ka nsalu yopyapyala. Mnzanga wina anandiuza kuti mpunga umagwira ntchito yomweyo, koma nditauyesa m'kontena ina nambala sinasunthe kwenikweni. Ndi silica gel kontena inatsika kufika pa 41 pofika tsiku lachiwiri. Kabati ya mfuti nayo ndaikweza pa matabwa awiri ndi kuisuntha pang'ono kuti isagundane ndi khoma.

Kachikwama ka chikopa ka bambo sindinakataye. Ndakapaka mafuta ake ndipo kali m'dirowa, kopanda kanthu mkati.

Loweruka, 20 Seputembala

Miyezi ya Juni ndi Julayi inadutsa popanda cholemba, chinyezi cha m'kontena chili pakati pa 35 ndi 42. Sabata yatha ndinapita ndi Brno kumunda ku Mitundu nditatenga B1 ndi B4, ndipo nyengo ino vuto lasintha. Fumbi lofiira la mumsewu linalowa paliponse, mpaka m'thumba lotseka. Pa phula linangokhala pamwamba ndipo linachoka ndi nsalu youma, pomwe pa chotsekera cha mfuti, chomwe ndinachipaka mafuta ochulukirapo, linasanduka phala lokhakhala. Magazini akanakhala onyowa mafuta mkati, fumbi lomwelo likanamatirira n'kudikira mvula ya Novembala kuti liyambe kusunga chinyezi. Nditafika kunyumba ndinawaphwasula onse awiri, ndinawapukuta, ndinasamba m'manja n'kuwaumitsa ndisanawabwezere, ndipo kugwira komaliza kunali kwa kansalu, osati kwa zala. B4 inapereka zipolopolo zake zonse popanda kukodwa.

Loweruka, 13 Disembala

Mvula yabwerera ndipo ino ndiyo nyengo yomwe ndakhala ndikudikira kuti ndione ngati ntchito yagwira. M'chipinda hygrometer ikuwerenga 74, m'kontena 48. Nambala ya m'kontena yakwera kuyerekeza ndi mwezi watha, choncho silica gel ndamuumitsanso lero, ndipo ndaganiza zochita zimenezi Loweruka loyamba la mwezi uliwonse mpaka Epulo.

Ndayang'ana magazini onse pa dzuwa ndi galasi lokulitsa zinthu. B1, B3 ndi B4 alibe banga latsopano, ndipo E1 ilinso bwino. Pa E2 ndapeza kadontho kofiira kamodzi, kochepa ngati mutu wa singano, m'mphepete mwa penti yakale pafupi ndi pomwe panali thuza lalikulu. Nditakanda ndi chigoba cha mkuwa kachidutswa ka penti kanasupuka, ndipo pansi pake panali dzimbiri lomwe linatsala mu Malichi chifukwa penti inkaoneka yolimba. Ndapala mozungulira mpaka kufika pa penti yogwiradi, ndachotsa phula ndi sipiriti, ndawiritsa mphindi 20, ndapukuta ndi kupakanso phula. Ndalemba malowo pa chithunzi cha mu foni kuti ndidzayambire pomwepo poyang'ana mwezi wamawa.

Chomwe chatsala ndi sipuling'i ya B2. Amalume anakana maganizo anga opinda waya wina kuti alowe m'malo mwake, ponena kuti mphamvu ya sipuling'i yosayenerera imasokoneza kakweredwe ka chipolopolo, ndipo ndagwirizana nawo. Ndapereka oda kwa wogulitsa zida wovomerezeka ndi boma, yemwe wandiuza kuti ndidikire katundu wa chaka chamawa. Pakadali pano thupi la B2, pulatifomu yake ndi chivindikiro chake zili m'kathumba ka pulasitiki kolembedwa nambala m'kontena momwemo, ndipo kuyendera kotsatira ndi Loweruka, pa 3 Januwale.